Ine bwana wake wa Pulezidenti

Anthu ambiri kuno ku Domwe sadziwa kuti ndinakhalapo bwana wa Pulezidenti kwa zaka khumi zathunthu. Musaseke. Mu Januwale 2015, a Filipe Nyusi polumbira ku Maputo ananena dziko lonse likumva kuti bwana wawo ndi anthu. Ndinadzifufuza bwinobwino, n'kupeza kuti nanenso ndine munthu. Kuyambira tsikulo ndinayamba kuyenda manja ali kumbuyo, ngakhale popita kudimba.

Chovuta pa ubwana n'kuyeza ntchito. Waganyu m'munda mwanga mwa mbatatesi savuta: timapangana mizere, madzulo ndimawerenga, n'kumupatsa mametikali ake. Koma wantchito wanga uyu munda wake unayambira ku Rovuma mpaka ku Maputo, pomwe njinga yanga ikangofika pa Ulongwe imayamba kutsokomola. Mizere yakeyo ndikanaiwerenga bwanji?

Ndinayesabe. Anati boma lililonse likhale ndi banki. Apa ndinawachongera, poti pa Ulongwe banki ilipo, ngakhale ine ndi iyo timangopatsana moni wapatali. Anati magetsi afike kwa aliyense pofika 2030. Nzeru imeneyi ndinagoma nayo, chifukwa lonjezo lake likupsa mwiniwake atapuma kalekale. Pakali pano magetsi a Cahora Bassa, a m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete, akuwalitsa ku South Africa, ine foni ndikukatchajitsa kwa mnyamata wa sola pamsika. Sustenta, pulogalamu yotukula alimi ija, ndinaionadi ndi maso angawa, italembedwa pa chipewa cha mlamu wanga.

Komabe tizinena zoona. Nthawi ya a Armando Guebuza boma lililonse linkalandira mametikali 7 miliyoni pachaka, kuti anthu akongole, ayambe bizinesi, abweze. Lonjezo lopereka linasungidwa. Lobweza lija linali lathu, ndipo tiyeni tikambe zina.

Abale athu kutsidyaku, kupitirira Dedza, sachita nazo manyazi. A Lazarus Chakwera anawalonjeza ntchito 1 miliyoni mu 2020. Iwo anasunga nambalayo pamtima, ndipo mu Seputembala 2025 anawabweza kunyumba. Nditamva pa wailesi ndinati nanenso ndiyamba kusunga manambala. Ndinagula kope ndi bolopeni, pachikuto n'kulemba zilembo zikuluzikulu kuti MALONJEZO A CHAPO.

A Daniel Chapo, omwe analowa m'malo mwa a Nyusi, analumbira pa 15 Januwale 2025. Ndiye ndinakhala pakhonde kuti ndilembe zomwe chipani chawo chinatilonjeza pa kampeni ya 2024. Msonkhano ndinapitako, umboni ndi malaya ofiira omwe ndavalawa. Kungoti pamene wolankhula ankatchula malonjezo m'Chipwitikizi, womasulira akumutsatira m'mbuyo, ine ndinali kuseri kwa galimoto, ndagwira dzanja limodzi la malayawo, nkhalamba ina yagwira linalo. Ndinapambana. M'khwapa munang'ambika, koma ndinapambana. Zomwe ndinamva bwinobwino tsikulo ndi “Viva!” basi, ndipo ndinayankha mokweza kuposa onse.

Ndili chiyang'anire pa tsamba loyera, mayi akunyumba anatulukira ndi lichero.

“Mukulembanji, bambo a Chikondi?”

“Ndikuweruza Pulezidenti.”

“Eya! Ndibwerekeniko kopelo mukatha.”

Sanadikire n'komwe kuti ndithe. Iwo safuna bolopeni, zonse zili m'mutu, ndi deti lomwe. Malata ndinawalonjeza a Guebuza akulamulira. Makina osokera ndinati tikagulitsa fodya, ndipo fodya tagulitsa kangati sindinafune kumva. Mbuzi yolowa m'malo mwa yomwe ndinagulitsa pa maliro a amalume, mpaka lero kholamo mukugona nkhuku.

Ndinafotokoza modekha kuti zinthu zavuta padziko lonse: feteleza wakwera, mvula ikubwera mwanjomba, nkhondo ya ku Ukraine...

“Mwayamba kulankhula ngati iwo omwe. Komatu a Nyusi zaka khumi zitakwana anachoka. Inu nthawi yanu itha liti?”

Ndinawakumbutsa kuti m'banja mulibe chisankho. Anati chilipo, chimachitika madzulo aliwonse pogawa ndiwo.

Panopa ndalengeza ndondomeko ya masiku 100, monga anachitira a Chapo atangolowa, ndipo malata ali pamwamba penipeni. Mayi ailandira bwino. Angonena kuti mvula iyamba mu Novembala, ndipo mbali yodontha ya mphasa ndigona ndine.