Wamva m'mimba ajambulidwe

Makolo anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ankanena za usiku, chimbudzi chili kuseri kwa nkhokwe, afisi akulira kudambo. Palibe ankadzukira mnzake. Koma lowani m'maofesi a mu Victoria Avenue tsiku limene kampani ikufuna pulogalamu yatsopano ya pakompyuta, mukaone mwambiwu utayenda chadodolido. Wamva m'mimba ali pakauntala, akulimbana ndi mzere wa makasitomala. Otsekula chitseko ndi abwana, m'chipinda chozizira cha misonkhano, masamusa ali patebulo.

Abwana amafotokoza zimene "sisitemu" izichita. Mlangizi wovala tayi amalemba. Chikalata chimatuluka chonenepa, m'Chingerezi cha maloya, ndipo onse amasaina osawerenga. Kenako chimapita kwa mnyamata wophunzira ku MUBAS, wanzeru ndithu, koma sanagulitsepo ngakhale paketi ya shuga. Iye amapanga zimene wawerenga. Pulogalamu ikafika pahoselo ku Limbe, mayi wapakauntala amafunsa: "Nanga wotenga katundu lero, wodzalipira mwezi ukatha, ndimulemba pati? Nanga wolipira zina pa Airtel Money, zina pa Mpamba, zotsala pamanja? Magetsi akathima, anthuwa ndiwabweze?" Chikalata chili ziii. Mayiyo amabwerera ku kope lake lothimbirira, kompyuta n'kuifunditsa chitenje kuti isalowe fumbi.

Mankhwala ake ali m'thumba mwa aliyense. Tulutsani foni, mujambule mayiyo kwa mphindi zisanu Loweruka la kumapeto kwa mwezi, ogula a ku Bangwe ndi ku Ndirande atadzaza mpaka pakhonde. Vidiyo ionetsa zimene mayiyo sanganene pamsonkhano, chifukwa kwa iye si nkhani: dzanja limodzi likuwerenga ndalama, lina lili pakakyuleta, foni yapanikizidwa paphewa, diso limodzi likulondola mnyamata wonyamula makatoni kuti asatuluke ndi awiri m'malo mwa limodzi. Wopanga pulogalamu akaona zimenezi amadziwa yekha kuti timabatani take khumi ndi tiwiri tilibe chala chotidina. Vidiyoyo muitumize pa WhatsApp kwa abwana, kwa akauntanti ndi kwa mnyamata uja, onse aone chinthu chimodzi. Pavidiyo palibe zakuti "ine sindimatanthauza choncho".

Si nzeru ya dzulo iyi. Mu 1987 kampani ya Apple inatulutsa vidiyo ya Knowledge Navigator, chipangizo chimene chinali chisanapangidwe n'komwe, kuti anthu aone ndi maso zimene ikulota. Kuno kwathu a Baobab Health, amene anayambira pachipatala cha Kamuzu Central mu 2001, anayang'ana mmene azaumoyo amagwirira ntchito, ambiri osazolowera kiyibodi, odwala ali yakaliyakali pabenchi. Anaika makompyuta ongodina ndi chala pagalasi, ndipo mu 2006 njirayi inafika pakiliniki ya ma ARV ku chipatala cha Queens.

Vuto lilipo limodzi: ife kamera timaipatsa ulemu wa mlendo. Mukangolengeza kuti mawa kubwera ojambula, sitolo isesedwa, kope la ngongole libisidwa pansi pa matumba a ufa, mayi uja abwera atavala za kuukwati, akulankhula Chingerezi kwa kasitomala wogula sopo. Abwananso adzaima kutsogolo, ayambe ndi pemphero, athokoze a bodi mmodzimmodzi, bandulo n'kutha asanafike pa nkhani. Vidiyo yotero ndi chikalata chomwe chija, changovala suti.

Pemphani chilolezo, inde, maka poti mukujambula nkhope ndi ndalama za anthu. Koma tsiku musalitchule, ndipo wogwira foni akhale chete pakona. Inu abwana, gawo lanu ndi kugula bandulo. Kamera iyang'ane kukauntala.