Makina athu alibe miyendo yokwerera pachulu

Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chakwera mtengo kupatula ulemu wa munthu wosauka. Bandulo ya intaneti nayo sinatsalire. Umagula dzuwa likutuluka, pofika nthawi yotereka madzi a nsima yatha kale ngati nyama ya pamaliro. Apatu n'kuti boma litaika kale msonkho wa 10 peresenti pa mauthenga a pafoni ndi intaneti mu 2015, mwina poopa kuti tingazolowere. Ndiye pomva akuluakulu akunyadira kuti makina oyezera matenda m'zipatala zathu masiku ano amatumiza okha zotsatira popanda waya, ine katswiri wa za netiweki wa ku Chiwamba, udindo umene ndinadzipatsa ndekha popanda wopikisana naye, sindingakhale chete. Sayansi yanga inathera pa kuyanika mabatire a wailesi padzuwa, komabe chilipo chimodzi chimene ndimachidziwa kuposa mabwana a ku Capital Hill: kumudzi netiweki imakhala pachulu, ndipo makina alibe miyendo.

Makinawo siwonyoza ayi. Dzina lawo ndi GeneXpert, opangidwa ndi kampani ya Cepheid ya ku California, ndipo bungwe la WHO linawavomereza mu Disembala 2010 kuti aziyezera chifuwa chachikulu cha TB. Kale munthu wa mu labu ankasuzumira makhololo pa maikulosikopu, tizilombo tikakhala tochepa n'kutiphonya, ndipo kuti atimeretse mu labu yaikulu pankapita masabata angapo. Lero amasakaniza makhololo ndi mankhwala, n'kuthira m'kabokosi kapulasitiki kotchedwa katiriji, kulowetsa m'makina, maola awiri asanathe yankho latuluka, lonenanso ngati TB yakeyo ikumva mankhwala a rifampicin kapena yachita nkhutukumve. Makina omwewo, mukasintha katiriji, amayeza HIV mwa khanda komanso kuchuluka kwa kachilomboka m'magazi a munthu amene akumwa ma ARV. Katiriji imodzi ya TB inkagulidwa madola 9.98, mu 2023 inatsika kufika madola 7.97, ndipo imagwira ntchito kamodzi kokha. Zonsezi ndi nzeru zoti mlimi wa fodya avulire chipewa. Vuto limayamba makinawo akafuna kuuza munthu wina zimene apeza.

Paokha sayankhula. Amanong'oneza kompyuta imene yalumikizidwa kwa iwo, kompyutayo ili ndi pulogalamu, monga GxAlert ya kampani ya SystemOne, imene imanyamula zotsatira kupita nazo kwa adokotala ndi kwa oyang'anira ntchito ya TB kulikulu. Imanenanso makatiriji akatsala pang'ono kutha, kapena chigawo china cha makina chikayamba kudwala. Kuti zitheke pamafunika rauta yokhala ndi simukhadi ya Airtel kapena TNM, ndipo wina ayenera kuilembera APN yoyenera, kuipatsa dzina la Wi-Fi, kuika pasiwedi, kenako kuuza kompyuta kuti izilowa yokha magetsi akabwera. Pasiwediyo ili ndi njira ziwiri zokha m'dziko lino. Ikasungidwa bwino, ndiye kuti ili m'mutu mwa munthu mmodzi amene ali ku wekishopu ku Salima, kapena anamusamutsa chaka chatha. Ikapanda kusungidwa bwino, yalembedwa pakapepala komatidwa pa rauta pomwepo, ndipo anyamata onse a kabaza akuonerapo mpira wa ku England pansi pa windo la labu. Tiyerekeze kuti zonsezi zalongosoka. Patsala timizere tija ta netiweki, ndipo aliyense wokhala kutali ndi msewu wa tala, kaya ndi ku Nsaru, Kabudula kapena Nambuma, akudziwa kumene timizere timeneti timagona.

Choncho maganizo anga, amene ndikuwapereka ulere popeza palibe wawapempha, ndi akuti boma lizimanga ma labu pamwamba pa zulu. Bungwe la MACRA liwerenge zulu zonse za m'boma la Lilongwe, lizipatse manambala ndi ziphaso, chiswe chilembedwe m'gulu la abwenzi athu pachitukuko. Kumene labu inamangidwa kale pansi, Unduna wa Zaumoyo utsegule udindo wa Wokwera Pachulu, wokhala ndi giredi yake, alawansi ya nsapato ndi womuthandiza wonyamula laputopu. Popeza makinawa safuna kutentha kopitirira madigiri 30, mu Okutobala padzafunikanso Wogwira Ambulera, amenenso adzafune wekishopu yake. Magetsi akathima kuyeza kuli mkati katiriji yawonongeka, madola aja apita, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene unatigwera namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ndiye pachulupo pakwerenso sola ndi mabatire. Komanso pakhale lamulo lokhwima. Alimi amene akugumula zulu n'kumamwaza dothi lake m'munda chifukwa feteleza wadula, ndi oumba njerwa omwe, adziwe kuti akuononga zipangizo za boma zofalitsira mauthenga. Ogwira ngumbi nthawi ya mvula aziyamba apempha chilolezo kwa DHO, mkulu wa zaumoyo m'boma.

Alipo amene anganene kuti, bambo inu, za Wi-Fi n'zachiyani, njinga zamoto za Riders for Health sizikukwanira? Njingazo zikugwira ntchito yaikulu, ndipo magazi ndi makhololo ayenera kuyendabe pamsewu chifukwa sangadutse mu foni. Koma yankho ndi mawu chabe. Palibe chifukwa choti mawu azidikira tsiku limene njinga idzabwerenso, kapena kuti matope a Febuluwale aume. Ena anganene kuti zulu zinapitidwa kale ndi tindege topanda oyendetsa: UNICEF inayesa ngati tindege timeneti tinganyamule magazi a makanda mu Lilongwe muno mu Marichi 2016, ndipo mu 2017 ku Kasungu kunatsegulidwa malo oyeserako. Ndikuvomera kuti kandege kamauluka pamwamba pa chulu chilichonse, koma kakatera ndi magaziwo, yankho limafunabe njira yobwererera kwa mayi. Ena atchula Starlink, imene inafika m'dziko muno mu 2023 ndipo siisamala za chulu chifukwa imayang'ana kumwamba. Imeneyo ndiye mdani weniweni wa udindo wa Wokwera Pachulu, koma nayo imalipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo kumwamba kulibe ngongole. Otsiriza akumbutsa kuti lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund loti nsanja za netiweki zifike kumidzi kumene makampani saonako phindu. Amenewo ndigwirizana nawo ndi manja awiri, pakuti nsanja ndi chulu chachitsulo basi. Ndikungofunsa kuti zimere msanga, chiswe chikuzipitirira.

Tsono tisiye kaye zoseka. Khanda lobadwa ndi HIV likapanda kuyamba mankhwala, mwa ana awiri otere mmodzi samafika zaka ziwiri. Munthu wa TB yosamva mankhwala amene sanauzidwe zotsatira zake amabwerera kunyumba ya chipinda chimodzi kukatsokomolera ana ake. Kwa anthu amenewa yankho lokhala mu kompyuta masabata awiri chifukwa bandulo inatha n'chimodzimodzi ndi yankho limene silinayezedwe, ndipo madola a katiriji aja angotayidwa. Si nzeru yachilendo kwa ife: ntchito ya Project Mwana inayamba kutumiza zotsatira za makanda pa SMS ku Zambia mu 2010, kenako n'kufika kuno, ndipo inaonetsa kuti kudikira kumachepa. Chimene chimativuta n'choti makina, rauta, bandulo ndi wokonza zonsezi takhala tikudalira ndalama za mabungwe akunja. America itaimitsa thandizo lake mu Januwale 2025 tinaona kuti mwini thumba akhoza kulimanga tsiku lililonse osatifunsa. Boma limene limalandira msonkho pa bandulo iliyonse silingalephere kugwirizana ndi makampani a mafoni kuti zotsatira za kuchipatala ziziyenda mwaulere. Silingalepherenso kuika mu bajeti, pamzere wakewake, ndalama za mabatire, za intaneti ndi za munthu wodziwa kukonza rauta m'boma lililonse.

Kugula makina kumabwera ndi riboni, makamera, magule ndi malankhulidwe. Kulipira bandulo ya mwezi wa khumi ndi chitatu kulibe wojambula, n'chifukwa chake kumaiwalika. Koma sindinamvepo kuti galimoto ya nduna yagona panjira chifukwa mafuta ake anaiwalika mu bajeti. Ndiye a gulupu, ulendo wina alendo akadzabwera ndi sizasi kudzatsegulira makina atsopano, musathamangire kuwapatsa mbuzi. Afunseni kaye pagulu kuti pulojekiti ikatha adzalipire intaneti ndani, ndipo dzina lakelo alilembe m'buku la alendo, ndi nambala yake ya foni yomwe.