Mapanga Awiri a Bambo Char

Mapanga awiri avumbwitsa, akuluakulu adatero. Ku Feira, pamene mtsinje wa Luangwa umakumana ndi wa Zambezi, mwambiwu saufunsa tanthauzo: Zumbo ya ku Mozambique ili kutsidya kwa Luangwa, Kanyemba ya ku Zimbabwe kutsidya kwa Zambezi, ndipo wofuna kugona konse kuwiri amagona m'bwato. Koma wovumbwa weniweni masiku ano ali m'kompyuta, dzina lake char *.

Bambo ameneyu ndi wa chinenero cha C, chimene Dennis Ritchie adapanga cha m'ma 1972. Ndi pointer, ntchito yake kuloza pamene pali katundu mu memory. Adabadwira kuloza zilembo, koma olemba mapulogalamu a database adamupatsa phanga lachiwiri: alozenso buffer, malo ounjikamo ma byte osasankha. Vuto nlakuti malamulo a C sadanene ngati char amadziwa manambala a pansi pa ziro. Pa laputopu ya Intel amawadziwa. Pa foni ya Android ya ARM amakana kuti sanawaonepo. Byte yomweyo, pa foni ndi 200, pa laputopu ndi -56. Tangoganizani mayi wogulitsa nsomba zouma amene walemba phindu la K200 madzulo, mmawa nkupeza kope lomwelo likuti ali ndi ngongole ya K56, komanso kope likulumbira kuti silinasinthe kanthu. Ndipo ma function a zilembo monga strlen akakumana ndi byte ya ziro amaweruka, ngakhale katundu akadali mulu.

Izi si nthabwala chabe. Database ya PostgreSQL 18, yotuluka mu 2025, idayamba kulemba mu control file yake mtundu wa char umene data idapangidwira, chifukwa ma index a pg_trgm ankasokonekera akasamutsidwira pa makina ena.

Database ya SQLite, imene D. Richard Hipp adayamba mu 2000 ndipo ili m'foni iliyonse ya Android pa doko la Feira, idasankha phanga limodzi: u8, kutanthauza unsigned char, kuyambira 0 mpaka 255, basi.

Palinso a void *, amene alibe phanga nkomwe. Iwo amati, "Pepani, ndangotumidwa, zam'katimu sindizidziwa." Ine ndimawalemekeza, pakuti memcpy imawadalira. Kungoti mukawauza kuti asendere patsogolo ma byte atatu, malamulo a C amawaletsa, ngakhale compiler ya GCC imatsinzina nkuwalola. Choncho ponyamula tumani a void, powerenga itanani a u8. Bambo char abwerere ku zilembo, akayanike malaya.