Tikutsegula Kaye Kukhosi

Mwezi wa Juni ku Mzuzu kumacha ndi nkhungu ndi kamvula kowaza, moti ngakhale tambala amayamba watsokomola asanalire. N'chifukwa chake kwaya yathu ya ku Chibavi ili ndi lamulo lakuti munthu asayimbe asanatsegule kukhosi.

Timapangana kukumana 6 koloko m'mawa Lamulungu. Ikamakwana 7 koloko pamakhala a kwayamasitala, mabenchi ndi mbuzi ya aneba. Enafe timatulukira pa sakaramento, kabaza wathu wa kuno, titakulunga khosi ndi chitenje ngati odwala matsagwidi.

Aliyense ali ndi mankhwala ake. Asopulano amanyamula fulasiki ya madzi otentha a mandimu ndi jinja. A alito amanyambita uchi umene amalumbira kuti ndi wa ku Nyika, chonsecho tinawaona akugula pa depoti. Abesi amameza dzira laliwisi, maso ali psuu, kenako n'kupempha msungichuma awabwezere ndalama yake poti "ndi ntchito ya Ambuye."

Zikatero timayamba kunjenjemeretsa milomo, brrrr, mpaka ana a Sande sukulu amathamangira panja kukaona njinga zamoto. Kenako do-re-mi, uja anabwera ndi amishoni a ku Scotland. Dr Robert Laws anakwera phiri la Khondowe mu 1894 n'kukafika pamwamba, koma atena athu mpaka lero akadali m'njira. Mawu awo amakwera ngati lole yodzaza simenti pa msewu wa Gorodi: pa "fa" afuka utsi, pa "la" abwerera chafutambuyo.

"Adada, mawu mwawasiya kuti?" amafunsa a kwayamasitala.

"Chisanu ichi, akulu. Kukhosi kwanga n'kosachedwa kudwala."

Tonse timangoyang'ana pansi. Tikudziwa kuti dzulo lake adadawa anali pa Mzuzu Stadium kuchemerera Moyale Barracks ndi kuphunzitsa refu ntchito yake kwa mphindi 90, opanda dontho la uchi.

Nthawi yonseyo mnyamata woitanira minibasi ali pakalikiliki: "Ekwendeni! Rumphi! Karonga!" Mawu ake amamveka mpaka ku Katoto. Sanamezepo dzira, sadziwa kuti "do" amakhala pati, koma mawu sanamusasepo.

Sabata yatha titaitanidwa kutsogolo, kukhosi kunali kutatsegukadi, kungoti mawu anali atatulukira pomwepo. A kwayamasitala anapereka kiyi imodzi, ife tinalandira zinayi. Mpingo unangoti zii. Pamenepo agogo ena a pa benchi yakumbuyo, amene anangomwa tiyi ndi chinangwa, anayambitsa nyimbo ya mu Sumu za Ukhristu osatsegula n'komwe bukulo. Tchalitchi chonse chinalandira, nafenso tinatsatira mwaulemu, mayunifolomu ali mbee.

Mapemphero atatha komiti inakhala pansi kufufuza chimene chinalakwika. Inapeza kuti sitinatsegule kukhosi mokwanira. Lamulungu likubwerali tikumana 5 koloko, ndipo abesi apatsidwa mazira awiri.