Loya wa m'thumba

Kale ku St Mary's, kuno ku Zimbabwe, mukakangana ndi mwini nyumba pa za lendi, ankakuopsezani kuti ali ndi mlamu wake wapolisi. Lero amangopisa m'thumba n'kunena kuti, "Imani pompo ndifunse loya wanga." Loyayo ndi ChatGPT, ndipo malipiro ake ndi bandulo ya dola imodzi.

*

Bambo wina wa ku Zengeza, mkulu wake atangoikidwa m'manda, mtima unagwa pa nyumba yamasiye. Anafunsa foni. Foni inamuuza chilungamo, kuti kuyambira 1997 lamulo la Zimbabwe limapereka nyumba imene banja linkakhalamo kwa mkazi wamasiye. Bamboyo anakwiya n'kulemba kuti, "Iwe, ife ndife Achewa, chuma chimabwerera kumtundu." Anaikakamiza mpaka inati, "Pepani, mwanena zoona."

Anathamanga nayo kwa alamu ake thukuta lili kamukamu. Mayiwo anawerenga, osayankha kanthu. Anamasula yawo pansonga ya chitenje, kufunsa loya yemweyo, ndipo anawauza kuti nyumba ndi yawo, ngakhale mpando umene alamuwo akhalira. Ankhoswe atayang'ana mafoni onse awiri anapukusa mutu. "Loya ndi mmodzi koma wadya kuwiri. Kamuitaneni adzafotokoze yekha."

*

Musafulumire kuseka a ku Zengeza. Mu July 2025 Pulofesa Welshman Ncube, yemwe anaphunzitsapo malamulo pa University of Zimbabwe, analembera khothi la Supreme ku Harare kalata yopepesa. M'mapepala amene anapereka pa mlandu wa kampani ya Pulserate Investments munatchulidwa milandu 12 yakale, ina yoti sinazengedwepo n'komwe, ina yeniyeni koma yonena zosiyana ndi zomwe anaiikira m'kamwa. Wofufuza amene anamutuma ntchitoyo anafunsa makina, ndipo panalibe anatsegula buku kuti atsimikize. Ine ndimati bola iwo anavomera. Koma kondakitala wa kombi ya pa Makoni sanakhutire: "Ine ndikalakwitsa chenji mumanditukwana mpaka agogo anga akumanda. Apulofesa angolemba kalata, basi yatha?"

*

Matendawa anatchukira ku New York mu 2023. Loya Steven Schwartz, posumira kampani ya ndege ya Avianca, anatchula milandu 6 yopeka ndi ChatGPT, yokhala ndi mayina, zaka, ngakhale mawu a oweruza. Chokoma n'chakuti mkuluyu anafunsapo ChatGPT yemweyo ngati milanduyo ili yeniyeni, ndipo anayankhidwa kuti inde. Woweruza Kevin Castel analamula chindapusa cha madola 5,000. Nditawasimbira azakhali anga nkhaniyi, anasiya kusankha nyemba. "Mwana wa achimwene, ndiye kuti mzunguyo anakafunsa sing'anga ngati mankhwala ake amagwira?"

*

Gogo wina wobadwira pafamu, makolo ake ochokera ku Nyasaland, wasunga chitupa cholembedwa kuti ndi mlendo mpaka chachita kufufuma m'mbali. Mdzukulu wake anafunsa foni, ndipo ulendo uno inalasa: gawo 43 la malamulo aakulu a 2013 limati wobadwira m'Zimbabwe kwa makolo a mayiko a SADC, yemwe ankakhala muno panthawiyo, ndi nzika yobadwa.

"Agogo, mwamva? Ndinu nzika kalekale."

"Ndamva, mdzukulu wanga. Tsono ifunse ngati ingakandiimire pamzere ku ofesi ya zitupa, ine mawondo anatha."

*

Mdzukulu yemweyo akuphunzira malamulo kuyunivesite. Ntchito zolembera kunyumba amakhoza mochititsa mantha, Chingerezi chake choterera, Chilatini chili mbwee. Aphunzitsi ena anayamba kununkhiza. Tsiku lina anamuitanira kutsogolo, foni anaiika m'dirowa, n'kumufunsa kuti afotokoze kusiyana kwa kuba ndi kulanda, nkhani imene iye analembapo masamba asanu ndi atatu sabata yathayo.

Mnyamata anakonza tayi, anatsokomola pang'ono, n'kunena molimba mtima kuti, "Limenelo ndi funso labwino kwambiri."

Kalasi yonse inadikira. Aphunzitsi anayang'ana wotchi.

"Pitirizani, a loya."

"Bwana, netiweki."