Mtauni muno aliyense ndi bwana

Nkhani imene yakolera m'maminibasi, m'masaluni ndi pabawo masiku ano ndi ya maudindo. Akuti mabwana achuluka kuposa maofesi.

Ku Lilongwe, amayi a pa Tsoka akuseka mtsikana wina amene amaoda nawo kaunjika. Pa Facebook iyeyo ndi CEO wa kampani ya zovala, ndipo ofesi yake ili ku City Centre, poti n'kumene anakajambulitsa chithunzi. Komatu kusekako n'kwa pakamwa pokha. Madiresi amene iwo amawotha nawo dzuwa sabata yathunthu, mnzawoyo amawatsiriza pa WhatsApp nsima ya masana isanapse, ndalama n'kulowa pa Mpamba.

Ku Blantyre mkangano uli pa mayina a sukulu. Chigawireni University of Malawi mu 2021, Polytechnic inasanduka MUBAS, ndipo College of Medicine inalowa mu KUHeS. Ndiye bambo wina amene anamaliza pa Poly tsitsi lisanachite imvi walemba pa LinkedIn kuti anaphunzira ku MUBAS. Anzake akumufunsa kuti analowera khomo liti, poti nthawi imeneyo dzinalo kunalibe. A ku Chanco angoti phee, akuti dzina la UNIMA linatsala kwawo.

Ku Zomba akuti mkanjo umodzi wa womaliza digiri unajambulitsa anthu asanu: mwini wake, mlongo wake, asuweni awiri ndi amalume. Zithunzi zitafika kumudzi, achibale anakondwa kuti banja laphunzira. Pano onse asanu akupemphedwa ya feteleza.

Ku Mzuzu amati zotsatira za MSCE sufunika kukafunsa ku MANEB. Kholo la mwana wa mapointi 12 limalengeza m'magulu onse, mpaka la kwaya. Kholo la mwana amene sizinamuyendere limati foni inagwera m'madzi.

Yomvetsa chisoni ndi ya mnyamata amene anachezera usiku wonse kufufuta zotukwana zake zakale pa intaneti ataitanidwa ku intavyu. Kutacha anapeza kuti wina anazijambula kalekale n'kuzisunga. Akuluakulu a pabawo akumukumbutsanso kuti lamulo la 2016 la za pa intaneti limamangitsa otukwana.

Choncho abale, dzitcheni CEO mmene mungafunire, bola bandulo ilipo. Koma wolemba ntchito amaona ziwiri: satifiketi yanu ndi zimene munalemba mutapsa mtima. Samalani zonse ziwiri.