Mame Amene Amasaina ku Imigireshoni

Mu Epulo 2025 boma la Britain linakweza penshoni ya okalamba, ndipo amene amalandira yathunthu anayamba kutapa mapaundi 230.25 pa sabata. Agogo a ku Leeds ndi ku Glasgow anawonjezera kabisiketi pa tiyi. Anzawo amene anakapumira ku Thailand analandira zomwe zija za chaka chatha, zimenenso zinali zomwe zija za chaka chinacho. Nkhaniyi ikukumbutsa mwambi umene unkaoneka kuti watha ntchito: mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Makolo ankatero kuti nkhuku iphedwe popanda kung'ung'udza, poti mawa lomwe mlendoyo atsanzika. Sankadziwa kuti kudzabwera viza ya opuma pa ntchito. Mame enieni amathawa dzuwa, koma alendo awa dzuwalo ndi limene alilondola. Amatsika ndege ku Bangkok ndi masutikesi awiri, mankhwala a BP ndi kabudula wamaluwamaluwa, ndipo za kutsanzika sazitchula n'komwe.

Mayiko otentha nawonso akuchita kulimbirana alendo oterewa. Panama imalandira munthu amene penshoni yake imafika madola 1,000 pa mwezi, n'kumamuchotserako mtengo ku lesitilanti, kwa dokotala ndi pa tikiti ya ndege. Costa Rica imafuna ndalama yomweyo. Malaysia inatsegula chitseko mu 2002 ndi ndondomeko ya Malaysia My Second Home, koma mu 2021 inakweza ndalama yofunika pa mwezi kuchoka pa maringgit 10,000 kufika pa 40,000, ngati kunena kuti alendo tikuwafuna ndithu, koma onenepa.

Tiyerekeze mkulu wina amene wayendetsa basi ku Leeds moyo wake wonse. Maondo akuwawa, bilu ya gasi wotenthetsera m'nyumba ikumusowetsa tulo. Mnzake wamuuza kuti ku Chiang Mai, ku Thailand, lendi ya mwezi wathunthu ndi imene kwawo amalipira pa sabata, mbale ya mpunga wa nkhuku pamsika ndi yosakwana mapaundi awiri, ndipo jekete n'losafunika. Mnzakeyo sananame.

Chimene sananene ndi cha mapepala. Thailand imafuna kuti mlendo wopuma akhale wa zaka 50 kapena kuposerapo, ndipo aonetse mabaht 800,000 ku banki kapena ndalama yolowa mwezi ndi mwezi yokwana 65,000. Penshoni ya boma la Britain payokha, ngakhale yathunthu, sifika pamenepo. Ndiye mkulu uja amagulitsa kanyumba kake n'kuika 800,000 ija m'banki ya ku Thailand, kumene iyenera kugona osakhudzidwa miyezi iwiri asanapemphe chilolezo ndi miyezi itatu atachilandira. Miyezi yotsalayo, ndalamayo isachepere 400,000. Ndalama ndi yake, koma amangoiona pa kabuku ka ku banki. Ganyu ndi woletsedwa. Chilolezocho n'cha chaka chimodzi, chaka chamawa ayambirenso.

Kenaka pali za masiku 90. Akatha masiku amenewa, mlendo ayenera kudziwitsa a imigireshoni kumene akugona, pa fomu yotchedwa TM47, ndipo akachedwa amalipa mabaht 2,000. Ena amachita pa intaneti, koma ambiri amakondabe kupita okha, atanyamula chikwama cha pulasitiki chodzaza mafotokope a pasipoti, n'kukhala pa benchi ndi kanambala m'manja. Mame okhaokha, imvi mbuu, kudikira kukauza boma kanayi pa chaka kuti sanakamuke. Munthu akhoza kukhala m'dzikomo zaka 20, kudziwa dzina la galu aliyense mumsewu mwake, koma pa zenera lija adakali wobwera dzulo.

Malo sangagule, lamulo sililola mlendo kukhala ndi nthaka. Angagule fulati, bola alendo onse pamodzi asapitirire 49 peresenti ya nyumba yonseyo. Amene apeza banja ku chigawo cha Isaan, kumadera monga Udon Thani, amamanga nyumba yabwino ya matailosi pamalo a akazi awo, m'dzina la akazi awo, pafupi ndi apongozi. Ku Dedza angamve msanga zimenezi: ndi mkamwini, ndipo banja likatha amanyamula bulangete lake lokha.

Nanga za mpweya? Kuyambira Febuluwale mpaka Epulo alimi amatentha minda, m'mapiri mumayaka moto, ndipo Chiang Mai imaphimbidwa ndi utsi moti masiku ena imatchulidwa pa mizinda ya mpweya woipa kwambiri padziko lonse. Mkulu uja anathawa chifuwa cha kuzizira n'kudzagula chifuwa cha utsi.

Apa ndi pamene mwambi uja ukubwerera pakhomo la kuseri. Mlendo sakukamuka, ikukamuka ndi ndalama yake. Britain imakweza penshoni chaka ndi chaka kwa okhala ku Ulaya, ku America ndi kumayiko ena ochepa amene inasainirana nawo pangano. Thailand palibe pamndandandawo. Amene anasamuka mu 2016 akulandira mapaundi 155.65 adakali pomwepo mpaka lero, pamene mnzake wotsala ku Leeds wadutsa 230. Chodabwitsa n'chakuti Philippines ilipo. Akanangokwera ndege ya ku Manila, dzuwa lomwelo, kokonati yemweyo, penshoni bwenzi ikukwera. Mayi Annette Carson, amene anakakhala ku South Africa, anakasuma za nkhaniyi mpaka ku khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu, ndipo mu 2010 analuza. Paundi nayo siyodalirika: cha m'ma 2006 inkagula mabaht pafupifupi 70, koma mu 2019 inatsika osafika 40. Kuyambira Januwale 2024, Thailand inakhwimitsanso msonkho pa ndalama zimene okhala m'dzikomo masiku 180 pa chaka amalowetsa kuchokera kunja.

Kuwaseka n'kosavuta, koma anthu amenewa si opusa. Dziko limene munthu walitumikira zaka 40 likamamusiya asankhe pakati pa chakudya ndi moto wa m'nyumba, kuthawa ndi nzeru. Chosaseketsa chimabwera pa zaka 78, inshulansi ya chipatala itakwera mtengo kapena itamukana, anzake a pa benchi ija atatha mmodzimmodzi. Kubwerera kwawo kulibe nyumba, anagulitsa. Pa nthawi imeneyo amene amamutembenuza pa bedi ndi kumumwetsa phala ndi apabanja aja a ku Isaan, omwe anzake a ku Leeds ankati akungofuna ndalama zake.

Kwa inu anamwino ndi osamalira okalamba a ku Manchester ndi ku Nottingham amene mukumanga ku Area 49 kapena ku Chipata kuti mudzapumireko, funsani msanga za penshoni yanu ya boma la Britain musanagule malata. Mauritius ili pamndandanda uja. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe palibe.